Golide wa Mansa Musa watiphimba m'maso

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayendayenda chithunzi cha mfumu yakuda ili pampando, kumutu chisoti chachifumu, m'manja itanyamula mpira wa golide. M'munsi mwake amalembamo kuti uyu ndi Mansa Musa wa ku Mali, munthu wolemera kuposa wina aliyense amene anakhalapo pa dziko lapansi, ndipo ena amaikapo ndi nambala: madola 400 biliyoni. Nambalayo ndi yongoganizira, pakuti palibe amene anawerengapo za m'nkhokwe za mfumuyo. Chithunzicho ndiye n'chenicheni. Chinajambulidwa pa mapu amene anakonzedwa pa chilumba cha Majorca cha m'ma 1375, ndi anthu amene anali asanapondeko ku Mali. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani ya malonda odutsa chipululu cha Sahara, amene anadzutsa ndi kugwetsa maufumu kwa zaka mazanamazana, taipanikiza yonse pa munthu mmodzi amene anakamwaza chuma ku Cairo. Sitifunsa kuti chumacho chinkalowa bwanji m'manja mwa mfumu, kapena kuti amene ankachilipirira ndi thukuta ndi moyo wawo anali ndani.

Ine ndikuti mafumu a Ghana, Mali ndi Songhai anali eni chipata. Golide ankakumbidwa kumwera, ku Bambuk ndi ku Bure, kumtunda kwa mitsinje ya Senegal ndi Niger, ndipo ankakumba ndi alimi m'chilimwe akatha kukolola. Mchere unkachokera kumpoto, pakati penipeni pa chipululu. Ngamila zinali za mafuko a Chiberber, anthu a m'chipululumo, amene ankadziwa pamene pali zitsime. Misika ikuluikulu yogula golide inali kutsidya la kumpoto kwa chipululu, ku Sijilmasa, Fez, Tlemcen, Tunis ndi Cairo. Mfumu inali pakati pa zonsezi, pamene ngamila imatula katundu kuti bulu ndi bwato zipitirize ulendo. Mphamvu zake zinkachokera pamenepo, ndipo chofooka chake chinalinso pomwepo.

Ufumu wa Ghana wakale, umene eni ake a mtundu wa Soninke ankautcha Wagadu, sunali kumene kuli dziko la Ghana la lero. Unali kumwera kwa Mauritania ndi kumadzulo kwa Mali. Zambiri za ufumuwu timazidziwira kwa al-Bakri, amene analemba mu 1068 ali ku Spain. Iye sanapiteko, ankangofunsa amalonda, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho pamene akuti mfumu inkatha kusonkhanitsa asilikali 200,000 ndi bwino kuchotserako. Koma pa nkhani ya msonkho ndimamukhulupirira, chifukwa wamalonda saiwala ndalama imene anamudula pachipata. Bulu aliyense wosenza mchere akamalowa m'dzikomo, mfumu inkalandira dinari imodzi, ndalama ya golide. Akamatuluka nawo mcherewo kupita kumwera, madinari awiri. Katundu wa mkuwa ankalipira mamithikali asanu, katundu wina wamtengo wapatali khumi. Mithikali unali muyeso wa golide wopitirira pang'ono magalamu anayi. Amene anaimapo pa chipata cholipiritsa cha pa msewu wa M1 akudziwa mmene zimakhalira: galimoto si ya mwini chipata, katundu si wake, koma palibe amene adutse osasiya kanthu.

Panalinso lamulo lina limene ndimaliona kuti linali lanzeru kuposa chilichonse chimene Mansa Musa anachita ku Cairo. Golide yense wopezeka ali chibuma, ngati mwala, anali wa mfumu. Anthu wamba ankaloledwa kugulitsa wa fumbi yekha. Al-Bakri anafotokoza chifukwa chake: pakanapanda lamuloli, golide akanachuluka pamsika mpaka kutha mtengo. Mfumu imeneyi, imene inkatsata chipembedzo cha makolo ake, inalola Asilamu amalonda kukhala ndi mudzi wawo wa mizikiti 12 kufupi ndi likulu lake, ndipo ambiri mwa nduna zake, kuphatikizapo wosunga chuma, anali Asilamu odziwa kulemba. Inkadziwa chimene ikufuna kwa alendowo. Chithunzi chake sindinachionepo pa foni ya munthu.

Ngakhale Mali atakula, kuyambira pamene Sundiata Keita anapambana nkhondo ya ku Kirina cha m'ma 1235, migodi sinakhale m'manja mwa mfumu kwenikweni. Wolemba wa ku Damascus, al-Umari, anamva kwa anthu amene anacheza ndi Mansa Musa kuti mafumu a Mali akayesa kulanda madera a golide ndi kulowetsako Chisilamu, golide ankachepa. Ndiye anangowasiya okumbawo kuti azikhala mwa makhalidwe awo, bola azipereka mtulo. Ena anganene kuti kunali mizimu. Ine ndikuona alimi amene ankadziwa kuti akaika makasu pansi, mfumu ilibe pogwira.

Nanga ulendo wa m'chipululuwo unali wotani? Apa mboni tili nayo yoona ndi maso. Ibn Battuta, munthu wa ku Tangier, ananyamuka ku Sijilmasa mu February 1352 ndi mdipiti wa ngamila. Atayenda masiku 25 anafika ku Taghaza, mudzi wopanda mtengo ngakhale umodzi, umene nyumba zake ndi mzikiti womwe zinamangidwa ndi zibuma za mchere, denga la zikopa za ngamila. Madzi ake anali owawa, ntchentche zili ng'waa. Okhalamo anali akapolo a fuko la Masufa, ndipo ntchito yawo inali kukumba mchere basi. Chakudya chawo chonse chinkachokera kutali: zipatso za kanjedza za ku Morocco, nyama ya ngamila ndi mapira a kumwera. Mdipiti ukachedwa, njala. Ngamila imodzi inkasenza zibuma ziwiri, ndipo katundu ameneyu ankagulidwa mamithikali 8 mpaka 10 ku Walata, mzinda wa m'mphepete mwa chipululu chakumwera, koma pofika ku likulu la Mali anali pa 20 kapena 30, nthawi zina mpaka 40. Nkhani imene timaimva kawirikawiri, yoti mchere ankausinthanitsa ndi golide wolemera chimodzimodzi, sigwirizana ndi mitengo imeneyi. Komabe phindu linali lalikulu, ndipo silinkafika kwa kapolo wa ku Taghaza.

Chigawo choopsa chinali chomaliza, cha masiku khumi opanda chitsime. Amalonda ankalemba ganyu munthu mmodzi wa fuko la Masufa kuti atsogole yekha kukafika ku Walata ndi makalata, kuti anthu a kumeneko adzawachingamire ndi madzi mtunda wa masiku anayi. Munthuyo akafera m'njira, mdipiti wonse kapena ambiri a iwo ankatha ndi ludzu. Wa ulendo wa Ibn Battuta analipidwa mamithikali 100. Namulondola wawo anali wa diso limodzi, linalo lodwala, koma njira ankaidziwa kuposa onse. Kuchokera ku Sijilmasa kukafika ku Walata panatenga miyezi iwiri. Ndikamawerenga zimenezi ndimaona kuti mpando wa Mansa, kutanthauza mfumu ya Mali, ndi ulemerero wake wonse, unkadalira anthu ochepa a m'chipululu amene iye sankawalamula tsiku ndi tsiku.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Ufumu umene wakhala zaka 200 kapena 300 sungatchedwe wofooka. Mayiko athu ambiri a lero sanakwanitse n'komwe zaka 70. Ibn Battuta yemweyo, amene anali wodandauladandaula, anavomereza kuti ku Mali munthu ankayenda wopanda mantha a mbava, ndipo mlendo akamwalira katundu wake sankalandidwa, ankasungidwa mpaka wachibale atabwera. Chitetezo choterocho sichigwa kumwamba, chimafuna boma logwira ntchito, ndipo boma linkayendera msonkho wa pachipata. M'zaka za m'ma 900, Ibn Hawqal analemba kuti anaona chikalata cha ngongole ya madinari 42,000 pakati pa wamalonda wa ku Awdaghust, kumwera kwa chipululu, ndi mnzake wa ku Sijilmasa. Anthu olekanitsidwa ndi chipululu cha miyezi iwiri ankakhulupirirana ndalama yotere pa pepala. Ku Gao, mzinda wa pa mtsinje wa Niger umene unadzakhala likulu la Songhai, kunapezeka miyala ya pamanda a mafumu ya m'ma 1100 yosemedwa ku Almería, ku Spain. Ku Timbuktu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, mlendo wina wolemba za maulendo ake, Leo Africanus, anapeza kuti mabuku olembedwa pamanja ochokera kumpoto ankapindulitsa kuposa malonda ena onse. Zonsezi ndi zoona ndipo sindikuzichepetsa.

Ndionjezeranso mfundo ina imene otsutsa malondawa ndi owatamanda omwe amaiwala. Mizinda ya kumadzulo kwa Africa sinayambe ndi ngamila. Ofukula zakale amene anayamba kukumba ku Jenne-jeno, m'chigwa cha Niger, mu 1977 anapeza kuti anthu anakhazikikapo cha m'ma 250 Yesu asanabadwe, akulima mpunga, kusula zitsulo ndi kugulitsana ndi madera akutali Aluya asanafike. Amalonda a kumpoto anapeza msika ulipo kale. Iwo anabweretsa wogula wamkulu wa kunja, ndipo wogula wamkulu amasintha zimene mudzi umaona kuti n'zofunika.

Tibwere kwa Mansa Musa. Anafika ku Cairo mu 1324 pa ulendo wa ku Mecca, ndi chinamtindi cha anthu ndi ngamila zosenza golide. Anagawa mphatso kwa akuluakulu a boma, ndipo anthu ake ankagula zinthu mosanenerera, moti amalonda a ku Cairo ankawagulitsa nsalu ya dinari imodzi pa madinari asanu. Al-Umari, amene anafika mumzindawo patapita zaka 12, anapeza anthu akukambabe za iye. Analemba kuti mithikali ya golide, imene kale sinkatsika pa madirihamu (ndalama za siliva) 25, tsopano inali pa 22 kapena kucheperapo. Kumeneko ndiye kugwa kwa chuma cha Egypt kumene anthu amakokomeza pa intaneti. Chimene salemba pansi pa chithunzi chija n'chakuti pobwerera kuchokera ku Mecca mfumuyo inali itauma m'thumba, ndipo inakongola kwa amalonda a ku Cairo omwewo pa chiwongoladzanja cha katapila. Ena mwa okongozawo anachita kuilondola mpaka ku Mali.

Ulendowo sunapite pachabe. Anabwera ndi Abu Ishaq al-Sahili wa ku Granada, amene dzina lake limatchulidwa pa mzikiti wa Djinguereber ku Timbuktu, ndipo dzina la Mali linamveka mpaka kwa ojambula mapu a ku Ulaya. Koma kutchuka ndi mkanda wa golide m'khosi kumaitananso maso amene sunawafune. M'bale wake Mansa Sulayman, amene Ibn Battuta anamunyoza kuti ndi woumira chifukwa anamulandira ndi mikate itatu, nthuli ya ng'ombe yokazinga ndi chipanda cha chambiko, ndimamumvetsa. Wolowa ufumu pambuyo pa munthu womwaza sakhala ndi zambiri zopatsa alendo.

Taonaninso kumene golideyo ankathera. Ankasungunulidwa ndi kudindidwa kukhala ndalama ku Sijilmasa, ku Marrakesh, ku Cairo, ndi mayina a mafumu a kumeneko. Florence ndi Genoa atayamba kudinda ndalama za golide mu 1252, gawo lalikulu la golide wofika ku nyanja ya Mediterranean linali lochokera kumwera kwa Sahara. Chobwerera kumwera chinali mchere, nsalu, mikanda, mkuwa, mahatchi ndi tizigoba ta m'nyanja tochokera ku zilumba za Maldives, timene tinkagwira ntchito ngati ndalama. Mu 1964 katswiri wina wa ku France, Théodore Monod, anapeza m'chipululu cha Mauritania katundu wa mdipiti wina amene anakwiriridwa mumchenga zaka mazana ambiri zapitazo ndipo mwini wake sanabwerenso: timitengo ta mkuwa toposa 2,000 ndi mulu wa tizigoba timeneti. Sindikunena kuti anthu a ku Mali ankapusitsidwa. Mkuwa ndi mchere zinali zosowa kwawo monga golide analili wosowa ku Fez, ndipo aliyense ankaona kuti wapindula. Koma ntchito yosula, yodinda ndi yokongoza inali kutsidya.

Tsopano nkhani imene zithunzi za pa foni zimaidumpha. Mu 1353, pobwerera kwawo kuchokera ku Takedda, mzinda wa kumwera kwa chipululu, Ibn Battuta anayenda ndi mdipiti umene munali akapolo aakazi pafupifupi 600. Anangozitchula modutsa, ngati munthu wowerenga matumba. Amayi amenewo anawoloka chipululu chomwe chija, ambiri a iwo wapansi. Akatswiri a mbiri amasiyana pa chiwerengero, koma amagwirizana kuti pa zaka zoposa 1,000 anthu amene anawolotsedwa Sahara ali akapolo anali mamiliyoni angapo. Ambiri anali akazi ndi atsikana okagwira ntchito m'nyumba za ku North Africa ndi Egypt.

Kuti muone bwino chimene malondawa ankachita kwa ufumu, yang'anani ku Kanem ndi Bornu, m'mbali mwa nyanja ya Chad. Kumeneko golide kunalibe. Njira yawo inkadzera ku Bilma ndi ku Fezzan mpaka ku Tripoli, ndipo katundu wamkulu wa pa njira imeneyi anali anthu. Leo Africanus analemba kuti mfumu ya Bornu inkagula hatchi imodzi ndi akapolo 15 kapena 20, ndipo amalonda ankadikira miyezi, akudya za mfumu, mpaka iyo itabwerako ku nkhondo ndi malipiro awo. Mahatchi akuluakulu a kumpoto sankakhalitsa m'nyengo ya kumwera, choncho chaka chilichonse pankafunika ena. Hatchi inkagwira anthu, anthuwo n'kugula hatchi ina. Ufumu woterowo umalimba ndithu, ndipo Kanem ndi Bornu anakhala zaka pafupifupi 1,000, koma midzi yoyandikana nawo inkasanduka munda wokololamo anthu. Ndipo moto ukayaka susankha. Mu 1391 mfumu ya Bornu, Uthman ibn Idris, inalembera kalata Sultan Barquq wa ku Egypt kudandaula kuti Aluya ena akugwira anthu ake, Asilamu aufulu, ngakhale abale ake enieni, n'kukawagulitsa ku Egypt ndi ku Syria.

Ife a kuno sitingadabwe nazo. Ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, a Jumbe anakhala pa doko pamene minyanga ndi akapolo zinkawolokera nyanja kupita ku Kilwa, ndipo nsalu, mikanda ndi mfuti zinkalowera pomwepo. Kumeneko sititchula chuma chawo osatchula magoli. Sindikuona chifukwa chochitira mosiyana ndi mafumu a ku Sahel, dera la m'mphepete mwa Sahara chakumwera, kungoti iwo ali kutali ndipo dzina lawo limatikweza pamaso pa azungu.

Chipata chili ndi vuto linanso: msewu umasuntha. Migodi ya Bure itayamba kupereka golide wambiri kuposa ya Bambuk, ndipo njira zitasunthira kum'mawa, Ghana anafota, Mali n'kukwera. Golide wa kwa Akan, m'nkhalango za dziko la Ghana la lero, atayamba kudzera ku Djenné ndi Timbuktu, mphamvu zinatsetserekera ku mtsinje wa Niger, ndipo Sunni Ali wa Songhai analanda Timbuktu mu 1468. Apwitikizi anamanga linga lawo ku Elmina mu 1482 n'kuyamba kukokera gawo la golide wa Akan kunyanja. Mabuku ena a sukulu amati sitima zinapha ngamila nthawi yomweyo. Sizinatero. Midipiti inapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1800, makamaka pa njira za ku Kano ndi Bornu, ndipo mpaka lero mchere wa ku Taoudenni umafikabe ku Timbuktu.

Chimene chinagwetsa Songhai chinadzera njira yomweyo ya ngamila. Mfumu ya Morocco, Ahmad al-Mansur, inayamba ndi kulimbirana mchere wa ku Taghaza, koma maso ake anali pa golide. Kumapeto kwa 1590 inatumiza asilikali pafupifupi 4,000 motsogozedwa ndi Judar Pasha, mbadwa ya ku Spain. Ambiri anafera m'chipululu. Otsalawo anakumana ndi gulu la nkhondo la Askia Ishaq II, mfumu ya Songhai, lowaposa kutalitali, ku Tondibi kufupi ndi Gao mu March 1591. A Songhai anathamangitsira ng'ombe zambirimbiri kwa adaniwo, koma kulira kwa mfuti kunazibweza n'kupondereza eni ake. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo aka kanali kakuthwadi. Ufumu umene kwa zaka zoposa 100 unkagula mahatchi, malupanga ndi nsalu kuchokera kumpoto unalowa m'nkhondo imeneyi ndi mikondo ndi mauta, pamene Bornu, m'nthawi yomweyo ya mfumu yawo Mai Idris Alooma, anali atapeza kale mfuti. Nkhondo yapachiweniweni ya 1588 yolimbirana mpando inali itawafooketsanso.

Judar atalowa mu Gao anakhumudwa. Zolembedwa za ku Timbuktu zimati iye anauza mbuye wake kuti nyumba ya mkulu wa oyendetsa abulu ku Marrakesh inali yabwino kuposa nyumba yachifumu ya Askia. Golide wina anapita ku Morocco, wokwanira kuti al-Mansur apatsidwe dzina loti wagolide, koma migodi sanaione. Inali kutali kumwera, m'manja mwa alimi omwe aja amene ngakhale Mansa Musa anawalephera. Morocco analanda chipata, ndipo chisokonezo cha nkhondo chinathawitsa katundu wodutsapo.

Amene anapulumuka kugwa kwa mipando yonseyi ndi amalonda a Wangara, amene kwina amatchedwa Dyula. Mphamvu zawo sizinali m'asilikali. Anali ndi achibale m'mizinda yambiri, chilankhulo chimodzi, chipembedzo chimodzi, sikelo yoyezera golide ndi luso lolemba, ndipo ankanyamula mtedza wa kola, nsalu ndi mchere pakati pa nkhalango ndi Sahel, malonda a Afirika okhaokha amene sankadikira wogula wa ku Cairo. Zidzukulu zawo zikuchitabe malonda ku Bobo-Dioulasso, ku Bamako ndi ku Abidjan. Ngati tikufuna wina womunyadira pa nkhani imeneyi, ine ndingasankhe iwowa, ngakhale kuti nawonso akapolo ankagula ndi kugulitsa.

Pa anthu amene Amorocco anawagwira ku Timbuktu panali Ahmad Baba, katswiri wa malamulo a Chisilamu, amene anawolotsedwa chipululu ali mu unyolo mu 1594. Iye anadandaula kuti anamulanda mabuku 1,600, ndipo anati pa abale ake iye ndiye anali ndi ochepa. Anaphunzitsa ku Marrakesh mpaka analoledwa kubwerera kwawo cha m'ma 1608. Patapita zaka zingapo, anthu a ku Tuat, dera la m'chipululu cha Sahara, anamulembera kufunsa kuti ndi anthu ati akuda amene n'kololedwa kuwagula ngati akapolo. Anayankha mosapita m'mbali kuti khungu lakuda si chifukwa chosandutsira munthu kapolo, anakana nthano ya temberero la Hamu, ndipo anati anthu a ku Bornu, Kano, Katsina, Gao ndi Mali ndi Asilamu aufulu, wowagulitsa ndi wolakwa. Kenako anatchula mitundu imene sinali ya Chisilamu, monga a Mossi ndi a Gurma, n'kunena kuti amenewo wamalonda atha kuwagula popanda kufunsa zambiri.